Wodwala Sitiroko Asamatuluke M'chipatala Wopanda Womuperekeza

Mwa miyambo imene makolo anasiyira ana awo m'dziko muno, mwambo woperekeza mlendo ndi umodzi mwa imene sinazilale mpaka lero. Mlendo akatsazika, mwini nyumba amamunyamulira kathumba kake, nayenda naye mpaka pamphambano, namuonetsa njira yachidule, namuchenjeza za mtsinje umene wasefukira, ndipo amabwerera pokhapokha atakhutira kuti mnzakeyo sasochera. Chomvetsa chisoni nchakuti mwambo wabwinowu umathera pachipata cha chipatala. Munthu amene wagonekedwa masiku angapo chifukwa cha sitiroko, amene dzanja ndi mwendo wake zafa ndipo lilime lake lalemera, amapatsidwa kabuku kake ka kuchipatala ndi timapepala ta mankhwala, nauzidwa tsiku lodzabweranso. Kuyambira pamenepo iye ndi omudwazika ayenera kudzipezera okha njira. Mfundo ya nkhani ino njakuti pa chipatala chachikulu chilichonse, ndi pa chipatala cha pa boma lililonse, payenera kukhala namwino wodziwika ndi dzina, amene ntchito yake ndi kuperekeza wodwala wotere kuchokera pabedi la m'wodi kufikira atakhazikika kwawo.

Matendawa ndi otani?

Sitiroko, imene ambiri amaitchula kuti matenda ofa ziwalo, imayambira mu ubongo ngakhale kuti zizindikiro zake zimaonekera pankhope, padzanja ndi pamwendo. Ubongo umadalira mpweya ndi shuga zimene magazi amabweretsa mosalekeza, ndipo ulibe nkhokwe yosungiramo za mawa. Motero magazi akaleka kufika pa kachigawo kena ka ubongo, kachigawoko kamayamba kufa m'mphindi zowerengeka. Zimenezi zimachitika m'njira ziwiri. Kawirikawiri mtsempha umatsekeka ndi magazi oundana. Nthawi zina mtsempha umaphulika, magazi nkukhuthukira mu ubongo. Popeza mbali ya kumanzere ya ubongo imalamulira mbali ya kumanja ya thupi, ndipo mwa anthu ambiri imalamuliranso kulankhula, munthu amene wafa dzanja lamanja kawirikawiri amavutikanso kupeza mawu kapena kumva zimene ena akunena, ngakhale nzeru zake zikhale zilipo.

Matendawa si achilendo. M'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 12 miliyoni pa dziko lonse lapansi anadwala sitiroko, ndipo oposa 6 miliyoni anamwalira nayo. Akatswiri anawerengera kuti mwa anthu anayi alionse amene apitirira zaka 25, mmodzi adzaidwala pa moyo wake. Chimene chimaiyambitsa koposa zonse ndi kuthamanga kwa magazi, kapena kuti BP, ndipo pambuyo pake pamabwera matenda a shuga, fodya, mowa wambiri, mchere wochuluka ndi matenda a mtima. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizidwa ndi bungwe la World Health Organization mu 2009 anapeza kuti Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo oposa 9 mwa 10 alionse a iwowo sanali kudziwa kapena sanali kumwa mankhwala. Kafukufuku wina wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anafalitsidwa mu 2016 atayeza odwala sitiroko 222, anatsimikiza kuti BP ndiyo inali patsogolo, koma anaonetsanso kuti pakati pa odwala a zaka 45 kutsika m'munsi, kachirombo ka HIV kanali ndi gawo lalikulu. Tsono sitiroko kuno imagwira agogo, komanso imagwira bambo kapena mayi amene akulipirira ana sukulu.

Pamene odwala amasocherera

Wodwala sitiroko sachiritsidwa ndi munthu mmodzi kapena pamalo amodzi. Amayambira pa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwawo, natumizidwa pa boma, ndipo mwina napitirira ku chimodzi mwa zipatala zazikulu zinayi za ku Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu kuti akaunikidwe mutu ndi makina. Akatulutsidwa amabwerera kumudzi, kumene ayenera kumakachita mafizo, kumakayezetsa BP ndi kumakatenga mankhwala mwezi ndi mwezi. Paliponse pamene akuchoka m'manja mwa wina kupita m'manja mwa wina, pamakhala mpata woti uthenga utayike. Dokotala amadziwa zimene anaona, namwino wa m'wodi amadziwa zimene anachita, wa mafizo amadziwa zimene anaphunzitsa, koma kawirikawiri palibe mmodzi amene ali ndi udindo wofunsa pakatha sabata kuti munthu uja ali kuti ndipo ali bwanji.

Zoopsa za masabata oyamba nzodziwika bwino, ndipo zambiri nzopeweka. Pafupifupi theka la odwala amavutika kumeza m'masiku oyambirira. Wodwazika wachifundo akamamwetsa phala lamadzimadzi kapena thobwa wodwala ali chigonere, chakudyacho chimalowera kumapapo nkuyambitsa chibayo, ndipo chibayo chimapha odwala sitiroko ambiri amene matenda enieniwo akanawasiya amoyo. Wodwala amene satembenuzidwa maola awiri kapena atatu alionse amatuluka zilonda m'chiuno, kumatako ndi kuzidendene, zilonda zimene zimatenga miyezi kuti zipole. Dzanja lofooka likamakokedwa pomudzutsa, phewa limaguluka ndi kuwawa kwa nthawi yaitali. Mwendo umene sutambasulidwa tsiku ndi tsiku umauma uli chipindire, kotero kuti ngakhale mphamvu zitabwerera munthuyo sangathenso kuponda bwino. Ndiponso pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu alionse amagwidwa ndi matenda okhumudwa, nakana kudya ndi kuchita mafizo, abale nkumati wayamba mwano kapena ulesi.

Choopsa china nchokhudza mankhwala. Anthu ambiri anazolowera mankhwala a malungo, amene amamwedwa masiku atatu nkutha, munthu nkuchira. Motero mapiritsi a BP akatha m'kapepala, banja limaganiza kuti mankhwala agwira ntchito yake, osadziwa kuti amenewa ngakumwa moyo wonse. BP imakweranso mwakachetechete, popanda kupweteka kulikonse, ndipo sitiroko yachiwiri imadza. Ngozi imeneyi imakhala yaikulu koposa m'masabata oyamba, ndipo kuwerengera kumene kunafalitsidwa mu 2011 kunaonetsa kuti pafupifupi mmodzi mwa odwala anayi alionse anadwalanso zaka 5 zisanathe. Pakati pa zonsezi pamalowanso maganizo akuti munthu amene wagwa mwadzidzidzi ali kumunda, nauma mbali imodzi, waponda mankhwala kapena walodzedwa. Banja likapita uku ndi uku kufunafuna amene wachita chipongwe, miyezi itatu yoyamba imatha, chonsecho imeneyi ndiyo nthawi imene ubongo umaphunziranso msanga koposa.

Kumene nzeruyi inachokera

Ntchito yoperekeza odwala inayambira pakati pa anthu osauka. Dokotala wa opaleshoni Harold Freeman, amene ankagwira ntchito pa chipatala cha Harlem mu mzinda wa New York, anaona kuti amayi ambiri osauka odwala khansa ya m'mawere ankabwera matenda atakula, ndipo ena amene anapezeka ndi chotupa ankasowa asanalandire chithandizo chifukwa cha mantha, kusowa ndalama, kusamvetsa zimene auzidwa ndi kuchuluka kwa maofesi oyenera kudutsamo. Mu 1990 iye anaika anthu apadera oti azitsata wodwala aliyense kuchokera tsiku lopezeka ndi chotupa kufikira atathandizidwa. Pamodzi ndi kuyeza kwaulere, ntchitoyi inathandiza kuti chiwerengero cha amayi okhala ndi moyo zaka 5 chikwere kuchoka pa 39 kufika pa 70 mwa 100 alionse. Mu 2005 dziko la America linakhazikitsa lamulo lothandiza ntchito yotere.

Pa nthawi yomweyo namwino Mary Naylor wa pa yunivesite ya Pennsylvania anali kuyesa njira yofanana pakati pa okalamba. Anamwino ophunzira kwambiri ankakumana ndi wodwala asanatuluke, namuyendera kunyumba ndi kumuimbira lamya kwa milungu inayi. Zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 1999 zinaonetsa kuti mwa okalamba amene anaperekezedwa motere, pafupifupi 20 mwa 100 ndiwo anagonekedwanso m'milungu 24, pamene mwa anzawo osaperekezedwa anali 37 mwa 100. Pambuyo pake zipatala zambiri zinayamba kuika anamwino otere pa matenda ena, kuphatikizapo sitiroko.

Ntchito ya namwino woperekeza

Ntchito ya namwino ameneyu imayamba wodwala akadali m'wodi. Iye amafunsa kuti kunyumba kuli yani, amene adzasambitsa wodwala ndani, chimbudzi chili patali bwanji, ndipo chipatala chaching'ono chili pa mtunda wotani. Amaonetsetsa kuti kumeza kwayesedwa wodwala asanayambe kudya. Amaphunzitsa odwazika ndi manja, osati ndi pakamwa pokha: kukhazika wodwala tsonga pomudyetsa, kulimbitsa phala kuti lisatsamwitse, kumutembenuza, kumudzutsa popanda kukoka dzanja lofooka, ndi kutambasula mfundo za thupi. Akatero amauza wodwazikayo kuti achite yekha iye akuona, pakuti munthu amene wangogwedeza mutu sanaonetse kuti wamva. Amaphunzitsa anthu awiri kapena atatu a banja limodzi, chifukwa amene amadwazika kuchipatala nthawi zambiri si amene adzatsale ndi wodwala kumudzi nyengo ya dzinja ikafika.

Pa tsiku lotuluka amalemba m'kabuku, m'mawu osavuta, mtundu wa sitiroko, dzina la mankhwala alionse ndi chifukwa chake, tsiku ndi malo odzaonedwanso, ndi nambala yoti banja liimbe likaona chachilendo. Mtundu wa sitiroko ngofunika kulembedwa chifukwa asipirini, amene amathandiza munthu amene mtsempha unatsekeka, angathe kuvulaza amene mtsempha unaphulika. Kenaka amatumiza uthenga ku chipatala chaching'ono ndi kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera la wodwalayo, kuti adziwe kuti m'mudzi wakutiwakuti mwabwera munthu wofuna kuyenderedwa. Pakatha masiku awiri amaimba lamya kufunsa ngati wodwala akutsokomola pomeza, ngati watentha thupi, ngati wagwa, ngati mankhwala akumwedwa. Milungu iwiri isanathe amaonetsetsa kuti BP yayezedwanso, ndipo wodwala akapanda kubwera amamufunafuna. Amapitiriza motero kwa miyezi itatu, mpaka atamupereka m'manja mwa kiliniki ya matenda a mgonagona.

Namwino ameneyu salowa m'malo mwa dokotala, wa mafizo kapena mlangizi wa m'mudzi. Mphamvu yake yagona pakuti iye yekha ndiye amaona ulendo wonse, ndipo chikalakwika pali dzina la munthu amene angafunsidwe. Chifukwa chimene ntchitoyi ikuyenera namwino nchakuti mafunso amene amabwera pa lamya amafuna munthu wodziwa kusiyanitsa chifuwa wamba ndi chibayo chimene chikuyamba, kapena kutopa ndi sitiroko yachiwiri.

Zimene kafukufuku akuchenjeza

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Nzeru imeneyi ikamveka kukoma m'makutu, nkofunika kuyang'ana bwino zimene zinachitika kumene inayesedwa. M'chigawo cha North Carolina ku America munachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa COMPASS, wotsogozedwa ndi Pamela Duncan, m'zipatala 40 ndi odwala pafupifupi 6,000. Odwala sitiroko amene ankabwerera kwawo ankayenera kuimbiridwa lamya masiku awiri a ntchito asanathe, ndi kuonedwa pa kiliniki yapadera pakati pa masiku 7 ndi 14. Zotsatira zitatuluka mu 2020, zinaoneka kuti pakutha pa masiku 90 odwalawa sanapose anzawo pa kutha kudzichitira zinthu. Chimene chinasintha nchakuti ambiri anayamba kudziyeza BP kunyumba, 72 mwa 100 poyerekeza ndi 64 mwa 100. Koma chachikulu chimene chinaululika nchakuti odwala 35 okha mwa 100 alionse ndiwo anafika pa kiliniki ija. Ngati m'dziko la misewu ya phula ndi magalimoto ambiri odwala awiri mwa atatu sanafike, nanga kuli bwanji kwa munthu wofa mwendo amene ayenera kukwezedwa pa kabaza ulendo wa maola awiri?

Ku India kunachitika kafukufuku wina wotchedwa ATTEND, m'zipatala 14 ndi odwala 1,250. Kumeneko abale anaphunzitsidwa kuchititsa wodwala mafizo kunyumba. Zotsatira za mu 2017 zinaonetsa kuti pakutha pa miyezi 6, anthu 47 mwa 100 anali atamwalira kapena akudalirabe ena, mofanana m'magulu onse awiri. Kusenzetsa banja ntchito yonse ya akatswiri sikunaphule kanthu. Komabe kumbali ina, kafukufuku 17 amene anasonkhanitsidwa pamodzi mu 2017, ambiri a ku Ulaya, anaonetsa kuti pamene gulu la namwino, wa mafizo ndi dokotala linagwirizana kutsatira wodwala kunyumba kwake, odwala anatuluka m'chipatala msanga ndi masiku pafupifupi 6, ndipo chiwerengero cha omwalira kapena odalira ena chinatsika ndi anthu pafupifupi asanu mwa 100 alionse.

Phunziro lake nloonekeratu. Kuimba lamya pakokha sikuchiritsa, ndipo malangizo okha sadzutsa mwendo. Kuperekeza kumapindula pamene chithandizo chikupita kufupi ndi wodwala, pamene kumapeto kwa ulendo kuli mankhwala ndi mafizo enieni, ndiponso pamene woperekezayo ali ndi nthawi ndi mphamvu zotsegulira makomo. Namwino amene angapatsidwe dzina latsopano koma nkusiyidwa ndi mabedi 60 oti ayang'anire usiku sangaperekeze aliyense. Mutu umodzi susenza denga.

Mayankho kwa otsutsa

Ena adzati dziko lino lilibe anamwino okwanira ngakhale a m'mawodi, choncho kuchotsapo mmodzi nkulanda odwala ena. Kudandaula kumeneku nkoona ndipo sikuyenera kunyozedwa. Koma wowerengera bwino aganizirenso za wodwala amene wabwerera ndi zilonda zakuya kapena chibayo. Ameneyu amagona pabedi milungu yambiri, natsukidwa mabala tsiku ndi tsiku, namwa mankhwala okwera mtengo, ndipo ntchito yonseyo imagwera anamwino omwewo. Ola limodzi lophunzitsa banja kutembenuza wodwala nlotsika mtengo kuposa mwezi wotsuka chilonda. Ndiponso pa chipatala cha pa boma namwino mmodziyo angathe kuperekeza odwala mtima ndi shuga pamodzi ndi a sitiroko, popeza mankhwala awo ndi kiliniki yawo nzofanana.

Ena adzati Amalawi ali ndi chibale, ndipo palibe wodwala amene amasowa womudwazika. Zoonadi odwazika, makamaka amayi ndi atsikana, ndiwo amaphika, kuchapa ndi kusambitsa odwala m'zipatala zonse za dziko lino, akugona pansi kapena m'zithando za odwazika. Chikondi chawo sichikayikitsa. Koma chikondi sichiphunzitsa munthu kuti madzi ndiwo amatsamwitsa msanga kuposa phala lolimba. Ndiponso mtolowu ukagwera munthu mmodzi, munda umagonera, malonda amaima, ndipo kawirikawiri mwana wamkazi ndiye amasiya sukulu kuti asamale kholo. Namwino woperekeza ayenera kufunsa za wodwazika monga momwe amafunsira za wodwala, ndi kuitana akuluakulu a banja, a mpingo kapena a mzikiti kuti agawane ntchito.

Ena adzatinso zimenezi nza maiko olemera. Amenewa aiwala mbiri ya dziko lawo lomwe. Kuyambira 2004, pamene boma linayamba kupereka ma ARV aulere, Malawi anaphunzira kusunga anthu miyandamiyanda pa mankhwala a moyo wonse. Wodwala aliyense ali ndi khadi, tsiku lake lobwera limadziwika, ndipo akajomba pamakhala wina womuimbira kapena womutsatira kwawo, monga momwe chipatala cha Lighthouse ku Lilongwe chinachitira kwa zaka zambiri. Odwala TB nawonso akhala akumwa mankhwala moyang'aniridwa ndi mbale wosankhidwa. M'boma la Neno, mu 2015, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anaphatikiza kiliniki ya HIV ndi ya matenda ena a mgonagona monga BP, shuga, khunyu ndi mphumu, kuti onse azilandira chithandizo pamalo amodzi, kufupi ndi kwawo. Ntchito ya Chipatala Cha Pa Foni, imene inayambira ku Balaka mu 2011, inaonetsa kuti anthu a kumudzi amaimba lamya kukafunsa nzeru kwa azaumoyo akapatsidwa mpata. Zipangizo zonse zilipo kale; chasowa ndi kuzilumikiza kuti zitumikirenso wofa ziwalo.

Zoyenera kuchitika

Poyamba, Unduna wa Zaumoyo ukhazikitse udindo umenewu m'malemba, kuti usamadalire chifundo cha namwino mmodzi amene mawa angasamutsidwe. Woikidwayo apatsidwe maola ake, lamya ya ntchito yokhala ndi mayunitsi, kaundula wa odwala, ndi mphamvu zopezera wodwala malo kwa a mafizo kapena kwa dokotala popanda kuyambiranso pamzere. Kachiwiri, kuyeza BP ndi kutenga mankhwala kuzichitikira pa chipatala chaching'ono cha kufupi, ndipo mankhwala monga hydrochlorothiazide ndi amlodipine asamasowe, pakuti kutumiza munthu wolumala ulendo wautali kukapeza shelefu yopanda kanthu kumamuphunzitsa kuti asadzabwerenso. Kachitatu, a mafizo awonjezeredwe ndipo azifika m'madera. Malo ngati Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre sangalandire dziko lonse, ndipo achinyamata amene akuphunzira ntchitoyi ku Kamuzu University of Health Sciences ayenera kulembedwa ntchito m'maboma. Kachinayi, sukulu zophunzitsa anamwino, mogwirizana ndi bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba, ziphunzitse luso lotulutsa ndi kutsatira wodwala monga phunziro loyesedwa pa mayeso.

Pomaliza, ntchitoyi iyambe m'maboma owerengeka ndipo iwerengedwe moona mtima. Pakutha pa miyezi itatu padziwike kuti mwa odwala amene anatuluka, angati ali moyo, angati akumwabe mankhwala, angati BP yawo yatsika kufika pansi pa 140/90, angati ali ndi zilonda, ndi angati abwerera m'wodi. Ngati ziwerengero sizisintha, njira ikonzedwe. A ku North Carolina ndi a ku India anachita bwino kuulula zimene sizinayende, ndipo dziko losauka liyenera kusamala koposa kuti lisaononge ndalama pa dzina lopanda ntchito.

Gawo la aphunzitsi ndi otsiriza sukulu

Pamene akuluakulu akulingalira zimenezi, odwala akutulukabe m'zipatala tsiku lililonse, ndipo m'midzi yambiri munthu amene amaitanidwa kudzawerenga kabuku ka kuchipatala ndi mphunzitsi kapena mnyamata ndi mtsikana amene wangolemba mayeso a Fomu 4. Ameneyu angathe kuchita zambiri za ntchito ya woperekeza. Wodwala asanatuluke, afunse azaumoyo mwaulemu mafunso asanu: sitirokoyi njamtundu wanji, mankhwalawa ngachiyani ndipo adzamwedwa kufikira liti, wodwala adye zotani ndipo adyetsedwe bwanji, mafizo akachitikira kuti, ndipo banja likaona chiyani lithamangire kuchipatala. Safunsa anadya phula. Mayankho ake alembedwe m'Chichewa papepala, nkulimata pakhoma pamodzi ndi masiku obwerera kuchipatala. Akumbutse ophika kuti mchere wa munthu wamkulu pa tsiku lonse usafike magalamu 5, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale mu usipa wouma ndi zokometsera ndiwo. Wodwala amene ali pa ma ARV asawasiye ngakhale tsiku limodzi, ndipo kiliniki yake idziwitsidwe za sitirokoyo.

M'kalasi, mphunzitsi angathe kuphunzitsa ana zizindikiro zitatu m'mphindi zochepa: nkhope yokhotera mbali imodzi, dzanja kapena mwendo wofooka mwadzidzidzi, ndi kulankhula kosamveka. Woona chimodzi mwa izi apititse munthuyo kuchipatala nthawi yomweyo, osamumwetsa kanthu, ngakhale zizindikirozo zitatha zokha pakapita kanthawi, chifukwa kutha kumeneko kawirikawiri ndi chenjezo la sitiroko yaikulu imene ikubwera. Tsiku la 29 Okutobala chaka chilichonse ndi lokumbukira matendawa pa dziko lonse, ndipo sukulu ingathe kuitana azaumoyo kudzayeza BP ya aphunzitsi ndi makolo. Mphunzitsi aonetsetsenso mwana amene wayamba kujomba chifukwa chodwazika kholo, ndi kukambirana ndi akubanja lake mwanayo asanalembedwe m'gulu la osiya sukulu.

Kwa achinyamata amene akusankha ntchito, unamwino ndi ntchito ya mafizo zikufuna anthu odekha, odziwa kumvetsera, ndi osatopa kufotokoza chinthu chimodzi katatu kwa gogo amene mawu amuthawa. Anthu ambiri amene anadwala sitiroko amayendanso, ena amabwerera kumunda, kumsika ndi m'kalasi, makamaka pamene miyezi yoyamba yasamalidwa bwino. Dziko limene linatha kutsatira odwala HIV mpaka kumidzi yakutali lingathenso kudziwa kumene wofa ziwalo aliyense wapita atatuluka pachipata, ndipo a Unduna, a zipatala ndi a sukulu za unamwino ayenera kuyamba ndi kutchula dzina la namwino woyamba amene adzasenze udindowu pa boma lililonse.